Tsoka Silinunkha, Koma Batire Limatupa

Pali anyamata awiri, aliyense ndi kandege kake ka droni, ndipo onse apeza ganyu yojambula ukwati Loweruka limodzi. Wina ali ku Rimuka kuno ku Kadoma, mnzakeyo ali ku Pfupajena, ku Chegutu. Onse afika mochedwa, akwati atatuluka kale m'tchalitchi, ndipo onse akweza kandege m'mwamba osayamba agwira mapiko ake kuti amve ngati amangika bwino. Wa ku Pfupajena wajambula, watsitsa kandege, walandira ndalama zake, wapita kukadya mpunga. Wa ku Rimuka phiko limodzi lamasuka kandege kali pamwamba pa anthu, kagwa ngati mwala, kang'amba nkhope ya mwana amene amavina kutsogolo kwa aperekezi. Anyamatawa ndawapeka ndine, koma funso lawo si lopeka. Mwa awiriwa, wolakwa ndani?

Kwathu kuno yankho silichedwa. Wa ku Rimuka amugwira, mwina amupatsako makofi angapo nkhani isanafike kupolisi. Wa ku Pfupajena palibe amene adzadziwe kuti anadumpha kanthu, ndipo sabata yamawa adzamuitananso. Akuluakulu ena ofatsa mtima adzati musiyeni mnyamatayo, tsoka silinunkha. Okwiya ndi achifundowa akugwirizana pa chinthu chimodzi osadziwa: onse maso awo ali pa zimene zachitika kandege katanyamuka kale. Ine maso anga ali pa mphindi zisanu zija kandege kakadali pansi, zimene anyamata onse awiri anaona kuti n'zotaya nthawi.

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu. Ndinabadwira ku Rimuka, mdzukulu wa machona amene anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzakumba golide. Chichewa chathu chili m'gulu la zinenero 16 zimene malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza, ngakhale mumsewu ena amatitchulabe mabhurandaya. Kagulu ka achinyamata amene amajambula maukwati ndi maliro, nthawi zina n'kuyezanso minda ndi milu ya dothi la m'migodi, kanandipempha kuti ndiwaikire m'Chichewa ndi m'Chishona mndandanda wa zoyenera kuona kandege kasananyamuke. Anali masamba awiri basi. Koma masamba awiriwo anandigwira masiku ambiri kuposa lipoti la masamba makumi asanu, chifukwa sindingamasulire lamulo ndisanamvetse chimene likuopa.

Mzere woyamba ndi wa batire. Mabatire a tindegeti ndi a lithium, ndipo mkati mwake muli maselo angapo. Mwa mtundu wofala wa LiPo, selo iliyonse ikadzaza imafika pa mavolti 4.2, ndipo maselowo ayenera kukhala ofanana. Imodzi ikatsalira kwambiri, batire limatha kusonyeza kuti lili ndi moto wokwanira kenako n'kufooka mwadzidzidzi kandege kali m'mwamba. Batire likatupa ndiye kuti mkati mwayamba kuwonongeka ndipo mukupangika mpweya, choncho likhoza kuzima kapena kuyaka. Dzuwa la Okutobala la ku Kadoma, batire litasiyidwa m'galimoto yotseka magalasi, limafulumizitsa zonsezi. Mzere wachiwiri ndi wa mapiko: alibe mng'alu, amangika, ndipo lililonse lili pa mota yake. Kandege ka mapiko anayi kamakhazikika chifukwa awiri amazungulira kumanja, awiri kumanzere. Limodzi likatayika, kamagubuduka. Ndege ya mapiko otambalala injini ikazima imayandamabe pa mphepo ngati kabawi, woyendetsa n'kusankha pomwe angatere. Kandege ka mapiko anayi kalibe mwayi umenewo. Ka mapiko asanu ndi limodzi kakhoza kutsika motsimphina mota imodzi itafa, koma ndi kodula, ndipo pa maukwati a ku Rimuka sindinakaonepo. Mwala wogwa kuchokera mamita 100 sutenga masekondi 5 kufika pansi, ndipo tindege tina tojambulira timalemera kupitirira kilogalamu.

Mizere imene inandisangalatsa kwambiri ndi ya kampasi ndi GPS, chifukwa imakamba za kukumbukira kwanu. Kandege kali ndi kampasi yake, ndipo zitsulo zimaisokoneza: malata, galimoto, zitsulo zobisika m'konkire. Mabwalo a nyumba za ku Rimuka ndi odzaza ndi zimenezi. Kampasi ikasokonekera, kandege kamayamba kuzungulira kokha, bwalo lake n'kumakulirakulira, woulutsa akuyesa kukaimitsa koma ayi. Pa GPS lamulo ndi lakuti dikirani mpaka kandege kapeze masetilaiti okwanira ndipo kalembe malo amene kanyamukira. Malo amenewo ndiwo kwawo. Kakasiya kumva rimoti, kapena batire likatsala pang'ono, kamakwera kufika pa msinkhu umene munakauza, n'kulunjika kwawo mosakhota. Ngati munanyamuka mothamanga kasanalembe bwino, kadzabwerera kumalo kumene inu kulibe. Ngati msinkhu munauika wamfupi kuposa mitengo ya bulugamu kapena nthambo za ZESA zimene zili pakati, kadzalunjikabe. Tindege tina tili ndi timaso toona zotchinga, koma nthambo yopyapyala kawirikawiri sitiiona.

Mu 1976 anthu awiri a filosofi, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, anakambirana funso la anyamata anga aja, la mmene mwayi umalowerera pa mlandu. Nagel anapereka chitsanzo cha woyendetsa lole amene sanakayezetse mabuleki. Mwana akathamangira mumsewu, woyendetsayo wapha munthu. Mwana akapanda kuthamangira, wangochita ulesi pang'ono. Ulesiwo ndi umodzi, koma dziko limaweruza mosiyana, ndipo woyendetsayo nayenso amadziweruza mosiyana. Anthu ophunzira amaona kuti apa pali mfundo yovuta kumasula. Ine ndikuganiza kuti bwalo la mfumu linaimasula kalekale mwa njira yake. Abusa awiri akagona masana, ng'ombe za wina n'kukadya chimanga cha eni, za mnzakeyo n'kungodya msipu, wolipa ndi mwini ng'ombe zodya chimanga zija. Palibe amene amadandaula kuti chiweruzochi n'chokondera, chifukwa bwalo silikuyeza mitima, likubweza chimanga. Koma madzulo anyamata onse awiri akadziwika kuti anagona, chibonga cha bambo chimawapeza onse. Kulipa kumatsata chimene chawonongeka, pamene kulakwa kunachitika pa mthunzi paja. Ndiye wa ku Rimuka alipire chipatala cha mwana, apepese, asenze manyazi ake. Koma pa kulakwa, iye ndi wa ku Pfupajena ndi amodzi.

Ndipo wa ku Pfupajenayo ndiye amandiopsa kwambiri, chifukwa iye waphunzira. Waphunzira kuti ukhoza kudumpha mzere wachiwiri zinthu n'kuyenda bwino. Akadumphanso kasanu osagwa, kudumphako kwasanduka nzeru, ndipo adzayamba kuseka anzake amene amagwada pansi n'kumagwira mapiko. Diane Vaughan, atafufuza ngozi ya chombo cha Challenger ya 1986, anasonyeza m'buku lake la 1996 mmene akatswiri enieni anazolowerera chizindikiro choipa chifukwa chakuti maulendo am'mbuyo chinaoneka koma chombo chinabwerako. Munthu sakhala wosasamala tsiku limodzi. Amaphunzitsidwa pang'onopang'ono, ndipo mphunzitsi wake ndi kupulumuka.

Wina anganene kuti mndandanda ndi wa ophunzira kumene. Mbiri ikukana. Pa 30 Okutobala 1935, pa bwalo la Wright Field ku Ohio, ndege yatsopano ya Boeing yotchedwa Model 299 inanyamuka, inakwera mopitirira, n'kugwa ikuyaka. Amene ankayendetsa, Ployer Hill, anali mmodzi mwa akatswiri oyesa ndege za asilikali a America, ndipo anafa. Chimene chinaiwalika ndi loko yomanga ziwongolero kuti mphepo isazigwedeze ndege ikaima pabwalo. Sanaimasule. Ngozi imeneyi ndi imene ambiri amaitchula kuti inabala mndandanda wa oyendetsa ndege. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsanso wake wa madokotala opanga opaleshoni, ndipo limodzi mwa mafunso ake ndi lakuti kodi wodwala amene wagona apayu ndi yemweyo amene tikufuna kumung'amba. Funso lachibwana ndithu, ndipo dokotala wa zaka 20 pa ntchito ali ndi chifukwa chonyansidwa nalo. Mndandanda umanyoza luso, umauza katswiri kuti mutu wake si wodalirika. Kuvomera chipongwe chimenechi m'mawa uliwonse, popanda wokuyang'anira, ndi khalidwe limene sindinalipezere dzina labwino m'Chichewa. Kudzichepetsa n'kwapafupi, koma kumamveka kwa kutchalitchi. Kudekha n'kwapafupinso.

Agogo anga aamuna anagwira ntchito pansi pa nthaka ku Cam and Motor, ku Eiffel Flats, mzinda uno ukadali Gatooma. Iwo ankadziwa mndandanda wopanda pepala. Akaphulitsa miyala, anthu asanalowe kukatapa, wina ankatsogola ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umalira mwa mtundu wake, wosweka mkati umalira ngati ng'oma, ndipo woterowo ankaugwetseratu. Agogo ankafotokoza zimenezi akugogoda tebulo ndi supuni. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, simunkatopa nazo kugogoda tsiku ndi tsiku?" Anaseka, nati, "Mdzukulu wanga, denga limenelo linali pamutu panga." Yankho limeneli ndi loona, koma likuonetsa vuto la kandege. Wogogoda denga ankaima pansi pake. Woyendetsa ndege ya anthu amakhala m'ndege momwemo, ndipo ikagwa iye amayamba kufika pansi. Mantha amawathandiza onsewa kukhala anthu abwino. Woulutsa droni waima pambali, pa mthunzi wa mango, rimoti ili m'manja. Kandege kakagwa, iye sachita ngakhale chibayo. Denga lake lili pamutu pa ena. Chotero chimene chinkasunga agogo sichingasunge iye, ndipo akasamala ndiye kuti wasamala chifukwa cha anthu amene sakuwadziwa mayina, amene sadzamuthokoza popeza sadzadziwa n'komwe kuti panali choopsa.

Ife ana a machona tili ndi chifukwa chathuchathu chomvera nkhani imeneyi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, itanyamula anthu ochokera ku migodi ya ku South Africa kubwerera kwawo ku Malawi. Anthu opitirira 70 anafa, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku Wenela. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, amene injini zake sizikanatha kuwagwiritsa ntchito. Amuna amene anakwera ndegeyo anali atapulumuka miyezi yambiri pansi pa nthaka pogogoda denga lawo mosalephera. Pa bwalo la ndege analibe chogogoda. Moyo wawo unali m'manja mwa anthu apansi, ogwira mapaipi ndi mathanki, amene iwo sanawaone nkhope.

Malawi ndi dziko limene lazolowerana ndi tindegeti kuposa mayiko ambiri a kuno. Mu Malichi 2016 UNICEF ndi boma anayesa kunyamula zoyezera HIV mwa makanda pa kandege ka kampani ya Matternet, ulendo wa makilomita 10 kukafika ku Kamuzu Central Hospital. Mu Juni 2017 anatsegula dera loyesera tindege ku Kasungu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe. Izi n'zabwino, ndipo mwana amene zotsatira za magazi ake zafika msanga safuna filosofi yanga. Koma dera la makilomita 40 si chipululu. Muli midzi, masukulu, zigafa za fodya, amayi pa mjigo. N'chifukwa chake ntchito zoterezi zimayamba ndi kukhala pansi ndi mafumu ndi anthu awo. Ena mumzinda amaseka akamva kuti anthu akumudzi amakayikira chinthu chouluka chopanda munthu, n'kumati akuganiza za lichero la afiti. Mwina ena amaganizadi choncho. Koma mayi amene akufunsa kuti chimenechi chikagwa chigwera ndani wafunsa funso lomwelo limene lili pa tsamba lachiwiri la mndandanda, ndipo walifunsa bwino kuposa mmene Chingelezi chake chinalembedwera.

Kuno ku Zimbabwe lamulo lilipo, Statutory Instrument 271 ya 2018, ndipo amene amaliyang'anira ndi a Civil Aviation Authority of Zimbabwe. Koma woyang'anira sangaime pa ukwati uliwonse ku Rimuka. Loweruka masana lamulo limakhala ku Harare.

Pali chotsutsa chimodzi chimene sindingachikankhire kumbali, ndipo anandiuza ndi mmodzi mwa anyamata a kagulu kaja. Anati, "Achemwali, pepalali likuti batire lotupa litayidwe. Mukudziwa mtengo wa latsopano?" Kusamala kuli ndi mtengo, ndipo olemba mindandanda kawirikawiri amakhala m'mayiko amene batire latsopano limafika pakhomo mawa lake. Mzinda uno, mafakitale a nsalu a David Whitehead atafooka, achinyamata ambiri anatsala ndi golide wa m'maenje, amene Ashona amawatcha makorokoza. Mu Febuluwale 2019 madzi a mvula anasefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, ndipo matupi opitirira 20 anatulutsidwa. Anthu amenewo sanali opusa. Ankadziwa kuti kulowa m'dzenje nthawi ya dzinja n'koopsa, koma njala inali yotsimikizika pamene madzi anali a mwina. Sindingaime pamwamba pa dzenje ndi digiri yanga n'kuwalalikira za mndandanda. Komabe kusiyana kulipo. Wolowa m'dzenje wabetcha thupi lake, ngakhale amasiye amene angawasiye nawonso ali m'betchayo. Woulutsa kandege ka batire lotupa pamwamba pa anamfedwa wabetcha mitu ya anthu amene sanafunsidwe. Umphawi ungamulole kugwiritsa ntchito batire lokalamba poyeza munda wa thonje umene mulibe munthu, kandege kakagwa n'kuluza yekha. Sungamulole kuliulutsa pamwamba pa khamu. Ndipo mizere yambiri ya mndandandawo ndi yaulere: kugwira phiko, kudikira GPS, kuyang'ana kumene kuli nthambo.

Tsamba lachiwiri, la zochita zinthu zikavuta, ndilo lolemera kwa ine. Limati musananyamuke sankhani malo opanda anthu amene mungagwetserepo kandege. Limati GPS ikatayika kandege kadzasunga msinkhu koma mphepo idzakatenga, choncho yesererani kukawongolera ndi manja nokha pa bwalo lopanda kanthu, tsikulo lisanafike. Limati pakhale munthu wachiwiri amene maso ake ali pa kandege ndi pa anthu, osati pa sikirini. Limati ndege ya anthu ikaoneka, tsikani, njira ndi yake. Ndipo pali mzere wina wonena za kuzimitsa mamota kandege kali m'mwamba: ngati kasokonekera ndipo kakulunjika pa anthu, kagwetseni dala kasanawafike. Taganizani zimene mzerewu ukupempha kwa mnyamata amene kandegeko anakagula ndi ndalama zokongola kwa achimwene ake a ku Joni. Ali ndi masekondi awiri kapena atatu. M'masekondi amenewo palibe munthu amene angayeze ngongole ndi nkhope ya mwana n'kupeza yankho; dzanja limangochita zimene linazolowera, ndipo dzanja la munthu aliyense linazolowera kuteteza katundu wake. Adzayesa kukapulumutsa, adzati mwina kadutsa. Timakonda kuganiza kuti ubwino wa munthu umaoneka pa nthawi ya ngozi, koma pa nthawi imeneyo pamangotuluka zimene zinaikidwa kale. Ngati mnyamatayo adzagwetse kandege kake, ndiye kuti anakagwetsa kale mumtima Lachitatu lina opanda phokoso, atakhala pa khonde, ndipo anayeserera zala zake kangapo.

Choopsa china n'chakuti mndandanda ukhoza kusanduka chithumwa. Ndaonapo munthu akuchonga mabokosi onse khumi ndi awiri kamodzi, kandege kakadali m'chikwama. Pepala lachongedwa, mtima wakhala pansi, ngati kuti mapiko amawerenga. Apa ndi pamene womasulira ali ndi kagawo kake. Chingelezi chinkagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa mizere yonse, ndipo njira yapafupi inali kulemba kuti "onani" paliponse. Koma "onani" amalola munthu kuponya diso ali chiimire. Ndiye pa mapiko ndinalemba kuti "gwirani phiko lililonse, ligwedezeni". Pa batire ndinati "ligonekeni patebulo, likamagwedera, latupa". Pa GPS ndinati "musanyamuke kandege kasananene kuti kalemba kwawo". Pa msinkhu wobwererera ndinati "tchulani mokweza chinthu chachitali kwambiri chimene mukuchiona", kuti mnzake amve ndipo atsutse ngati pali china.

Mzere wa kugwetsa dala unadzetsa mkangano. Mtsogoleri wa kaguluko ankafuna kuti ukhale m'Chingelezi chokha, chifukwa pepalalo amalimata pa chivundikiro cha bokosi la kandege, ndipo eni ukwati amaliwerenga akamadikira. Anati palibe mayi amene angakulembe ganyu atawerenga m'chinenero chake kuti chinthuchi chikhoza kugwa. Anzake awiri anati ndi bwino awerenge, mwina adzaleka kupempha kuti kandege kadutse pamwamba penipeni pa keke. Anagwirizana kuti mzerewo ukhale m'zinenero zonse zitatu, koma pepalalo alimate mkati mwa chivundikiro, ndipo kuti pa maliro kandege kaziima kumbali kwa manda, kuseri kwa mzere womaliza wa anthu, kamera n'kumajambula chopendekeka.